Kaphokoso Kamene Munkamva Nokha

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ndine Tiyamike. Kuno tilipo, kungoti Juni wa chaka chino wabwera ndi ukali. M'mawa uno popita kusukulu kokaphunzitsa ndinavala juzi yanu yobiriwira ija. Anzanga a kuno ku Boma anaizindikira.

Yakwana miyezi khumi chikugonekereni ku Champhira. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati mlendo aziyamba wamwa madzi asanamasule katundu wolemera. Mpongozi wanu Nyajere anachira mu Epulo, mwana wamkazi, wonenepa bwino. Achimwene a Lemani akadali ku Joni, mwana wawo amangomuonera pa foni. Chimanga takolola, ngakhale sichinafike pa chanu, chifukwa tinachedwa kupalira. Kunalibe wotidzutsa. Nyemba zokha zachita bwino, ndipo mbewu yanu ya kholophethe ndaisunga m'chigubu ndi phulusa monga munkachitira.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya galimoto ya abambo, chigalimoto choyera chamatayala akuluakulu chija anagula atapuma ntchito ku macheka a ku Viphya. Mukudziwa kuti chiyambireni abambo kuvutika maso, woyendetsa wake ndine.

Mukukumbukira maulendo athu a mwezi ndi mwezi? Ndinkabwera kumudzi Lachinayi madzulo, n'kunyamuka nanu m'mamawa kukatenga mankhwala anu a mtima kuchipatala ku Boma. Ndikangoliza injini munkapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Tiya, muli kanthu kakulira umo, ngati munthu akugogoda mbale ndi supuni." Ine ndinkakamva patali, koma tikamafika pa Jenda kanali katasiya. Ndinkati, "Mwaonatu Amayi, mulibe kanthu." Inu n'kuyankha kuti, "Mwana akasiya kulira sindiye kuti wakhuta." Panjira munkadandaulanso mutu, n'kumandipempha kuti nditsegule windo. Ndinkakana, poopa kuti mphepo ndi fumbi zingakupatseni chifuwa. Ndinkakufunditsani chitenje m'miyendo n'kumadziona ngati mwana wosamala.

Mwezi wathawu kaphokoso kaja kanakula. M'mawa kankamveka mpaka kwa aneba, the-the-the, kothamanga ndikaponda mafuta. Ndinapita nayo kwa makaniko wina pafupi ndi msika. Anamvetsera pang'ono injini ili yotentha kale, n'kunena kuti ndi matapeti, tizitsulo ta pamwamba pa injini, tisinthe oyilo. Tinasintha, koma m'mawa mwake kanaliranso chimodzimodzi. Wachiwiri sanatsegule n'komwe boneti. Anangomva kufotokoza kwanga n'kuti mabering'i a m'kati atha, injini yafa, ndiigulitse isanandithere pamsewu.

Achimwene atamva pa foni anagwirizana nazo. Ndinakawauza abambo. Anadzuka, n'kukatsegula chitseko cha galimoto cha kutsogolo kumene munkakhala inu, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinasowa chochita, Amayi. Galimoto imeneyi ndi imene inathamangira ndi Nyajere tsiku lake litakwana, ndipo mudzi wonse umayang'ana kwa ife wina akadwala. Komanso ndinkaopa kuti tsiku lina idzandizimira pakati pa phiri ndili ndi wodwala kumbuyo.

Kenako ndinakumbukira a Gondwe, mkulu uja ankakonza malole onyamula matabwa nthawi imene abambo ankagwira ku Viphya, amene munkawatumizira mbatata. Akalamba, koma akukonzabe magalimoto kuseri kwa nyumba yawo kuno ku Boma. Atandiona anavula chipewa, n'kupepesa za inu kaye asanayang'ane galimoto. Kenako anayamba kundifunsa ngati kuchipatala. Kamalira nthawi yanji? Injini ikatentha kamakula kapena kamachepa? Getsi la oyilo linayakapo? Nditayankha anati, "Ndapota mama, isiyeni igone pano. Nthenda iyi imaoneka m'mawa, chitsulo chisanafunde."

M'mawa mwake ndinafika kusanatenthe. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kufikisa oyiloyo pakati pa zala, akuyang'ana ngati muli timbenthu ta chitsulo. Munalibe. Anandiuza kuti ndilize injini. Anatenga sukuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pamwamba pa injini, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu. Anasuntha malo angapo, akupukusa mutu. "M'kati muli mtendere," anatero. Kenako anatenga chidutswa cha paipi yothirira madzi, mbali ina kukhutu, ina akuiyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa injini. Anaima pamalo ena, n'kundikodola. "Bwerani, mumve nokha."

Ndinamva, Amayi. Sikunali kugogoda kwa zitsulo ayi. Unali mpweya ukuphulika pang'onopang'ono pakampata, ngati munthu akulavula njere. A Gondwe anandionetsa ndi tochi mwaye wakuda pamenepo, ndi bawuti imodzi yothyoka mutu. Anafotokoza kuti chitsulo chimene bawutiyo inkamanga ndi chimene chimasonkhanitsa utsi wonse wa mu injini n'kuupititsa ku ekizozi. Bawuti itathyoka, gasiketi yotseka pakati pa chitsulocho ndi injini inapsa, utsi n'kupeza potulukira. Kukazizira mpata umakula, ndipo injini ikatentha chitsulo chimafufuma n'kutseka pang'ono, mbwenu phokoso n'kuchepa. "Injini njamoyo chomene," anatero. "Musagulitse."

Ndinaseka, ndinatsala pang'ono kuvina. Koma iwo anali akuyang'anabe, ndipo anazungulira n'kukagwada kumpando wa kutsogolo, mutu pansi pa dashibodi. Potuluka anandifunsa kuti, "Mama, amene amakhala apa samadandaula mutu?" Anandionetsa kabowo kamene mumadutsa mawaya, labala yake itathothoka kalekale. Utsi uja unkalowera pamenepo, molunjika kumapazi a munthu wokhala kutsogolo.

Ndinakhala pa tayala lakutha limene linali pambali, n'kuwauza zonse, za mutu wanu, za windo, za chitenje. Ndinawafunsa ngati ndi zimenezo zinakutengani. Anapukuta manja ndi kasanza. Kenako anati, "Ine ndine munthu wa zitsulo, mama. Kuti utsi umapweteketsa mutu, icho ndikudziwa. Zinazo ndikayankha ndinama." Ndinakafunsanso mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ndi namwino. Anati mtima wanu unali utatopa kwa zaka zambiri, ndipo palibe angaloze chala pa chinthu chimodzi. Sanandiweruze, komanso sanandimasule.

Chimene ndikudziwa n'chakuti maulendo onse aja munkavutika, munandiuza, ndipo ine ndinkaona ngati ndi madandaulo a ukalamba. Ndinkaganiza kuti poti ndine ndinapita kusukulu, ndine ndagwira chiwongolero, ndiye kuti ndine wodziwa. Pepani, Amayi. Mawu amenewa ndimafuna kuwanena mutakhala pamphasa, ine nditagwada.

A Gondwe anaikonza masiku awiri. Anaboola bawuti yothyoka ija n'kuichotsa, anaika gasiketi ina, kabowo kaja n'kukatseka ndi labala yodula ku chubu chakale. Tsopano ikalira m'mawa imangoti phee. Ndimayenda nayo ndikumva chisoni ndi bata lomwelo.

Loweruka ndinapita kumudzi kukawauza abambo kuti galimoto sitigulitsa. Ndinafunanso kuwauza zinazo, koma mukudziwa mmene macheka aja anawaphera makutu. Nkhani yonong'ona ngati imeneyi ndikanayenera kuikuwa. Choncho ndinawatenga kupita nawo kumunda, kumapesi, kutali ndi nyumba. Ndinaima pafupi ndi khutu lawo lakumanja n'kuyamba kufuula kuti Amayi ankamva phokoso, Amayi ankapuma utsi, ine ndinkatseka windo. Mawu anga ankabwerera kuchokera kutsidya kwa dambo. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Abambo anamvetsera atazolika. Nditamaliza anakhala pamzere, n'kundiuza kuti nanenso ndikhale. Anati, "Ukuganiza kuti unali wekha? Mayi ako Nambewe ankandiuzanso ine. Ndinkaona pakamwa pakuyenda, dzanja likuloza galimoto, ine n'kumangogwedeza mutu. Zaka zomalizazi, Tiya, zambiri zimene mayi ako ananena sindinazimve. Ndinkachita manyazi kuwauza kuti abwereze. Ndinkangoseka akaseka."

Pamaliro anu abambo sanagwetse msozi, munthu aliyense ankawayamikira kulimba mtima. Kumunda kuja analira, Amayi, kulira kotulutsa mawu, dzanja lili pamutu. Ndinawagwira phewa, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mbuzi za aneba athu a Nkhata zinabwera kudzadya mapesi pafupi nafe.

Pobwerera anandifunsa kuti m'galimoto muja munkakamba zotani maola onse aja. Ndinawauza kamodzi kokha kamene kanandibwerera msanga, kuti tsiku lina tikudutsa pamitengo ya paini munati fungo limenelo limakukumbutsani malaya awo, nthawi imene munali mutangobwera kuchokera ku Ntcheu, musanadziwe ngakhale kupereka moni m'Chitumbuka. Anaima panjira. Anati, "Bwereza." Ndinabwereza. Anati, "Bwerezanso."

Ndiye ndikulonjezeni ziwiri. Chiliza chanu timanga chisanu chikatha, a Lemani akuti abwera. Ndipo Loweruka lililonse ndizipita kumudzi, ndizikhala kudzanja lamanja la abambo, n'kumawauza zonse munkanena panjira, chimodzichimodzi, ngakhale zija munkawanena kuti ndi ouma mutu. Ndizikweza mawu. Aneba akamva, amve.

Gonani bwino, Amayi. Timakukondani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike