Mabelo a Lucious pa Layisensi Yanga

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko ngakhale kukuzizira. Kuno ku Chamama tilipo, fodya tagulitsa, ndipo amayi mwendo uja wayamba kupola.

Mukukumbukira kuti mng'ono wanga Lucious atasiyana ndi Consolata, khoti linagamula kuti azipereka ndalama yothandizira mwana wawo Princess mwezi ndi mwezi. Nthawi imeneyo mwanayo anali kumsana. Pano wasankhidwa kupita ku sekondale ku Nkhamenya, ndiye mayi ake abwerera kukhoti kuti ndalamayo ikwere. Lucious wauza a majisitireti kuti chaka chino sanalime.

Amalume, mabelo ake khumi ndi awiri anagulitsidwa pa layisensi yanga. Anati yake yavuta, ine osafunsa zambiri. Fodyayo tinachita kumudinda limodzi m'mabelo pa jeke.

Dzulo ndinalandira samani, akundifuna kukhoti Lachinayi ngati mboni. Lucious anabwera kudzandikumbutsa kuti tinayamwa bere limodzi. Atangochoka, Princess anafika ndi kalata yake yakusukulu, nagwada, nati, "Bambo aakulu, ndakhoza."

Amayi sindinawauze kanthu. Mukamva kuti kuno abale asiya kupatsana moni, musadabwe.

Ndine muphwa wanu,
Sankhani