Manda a amuna awo ali pansi pa phulusa

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kutsidya la nyanja ku Lewisham tilipo, kungoti msana ukundivutabe.

Agogo a ku Montserrat ndinkawasamalira aja atisiya. Paja anathawa pachilumba chawo phiri litaphulika n'kulavula moto. Ndikamawasambitsa ankakonda kunena kuti, "Ndikadzafa, mukandiike kwathu kuchilumba, pambali pa amuna anga." Mwana wawo anawalonjeza ine ndili pomwepo, ndiye nanenso tsiku ndi tsiku ndinkawatsimikizira kuti zidzatero.

Atamwalira ndinamufunsa mwanayo za ulendo wa maliro. Anangoti, "Ulendo wanji? Mudzi wonse ndi manda omwe zinakwiririka ndi phulusa kalekale. Salola munthu kupondako, phirilo likufukabe utsi." Ankadziwa zaka zonsezi, Achemwali! Bodza linali lake, koma linkatulukira pakamwa panga. Lachiwiri lapitali anakawotcha mtembo, osandiuza n'komwe. Munthu anathawa phulusa, lero ndi phulusa m'kabotolo pa shelefu.

Chonde mukalambule pamanda a amayi, ndipo malo a pambali pawo musapatse wina. Ndi anga amenewo. Mulungu akusungeni, koma inu musadzandinamize.

Ine mng'ono wanu,
Esinati