Seva ya M'chipinda cha Lyson

Lachitatu, 14 Febuluwale

Imelo yafika m'mawa kuchokera kwa a Pilato, aja amatipatsa intaneti ku Blantyre. Pulogalamu ya maseva athu a maina yapezeka ndi chibowo. Akuti munthu atha kutumiza funso limodzi lokha lopotoka, seva n'kuyamba kulimbana nalo mpaka kuuma gwa, osayankhanso wina aliyense. Chigamba chake chatuluka kale. Aliyense aike pofika Lachisanu pa 23, apo ayi seva yopanda chigamba aidula pa netiweki yawo.

Wamkulu, seva ya muno mu ofesi pa Chonde, ndamuika chigamba ndisanamwe n'tiyi yemwe. Mphindi khumi basi. Mutu ukundiwawa ndi Wamng'ono, seva yathu yachiwiri. Ali ku Nkando, m'chipinda cha Lyson, ndipo chipindacho n'chokhoma chiikireni maliro ake.

Masabata asanu tsopano. Ndimatembenukabe kuti ndimuuze kanthu, n'kupeza pampando pake pali katoni ya mawaya.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Ndayesa kulowa mwa Wamng'ono ndili kuno, ngakhale ndimadziwa kuti sizitheka. L. anatseka khomo lolowera uli kutali. Ankati seva yofunika umaipeza ndi mapazi, ukakhale pa kiyibodi yake, kuti akuba a pa intaneti asowe polowera. Anaiika kwawo chifukwa kuli sola ndi mlongoti wathu, kuti magetsi akazima pa Chonde, chipatala chaching'ono ndi masukulu athu atatu aja asasowe netiweki. Nzeru zinalipo, sindikana. Koma makani!

Tinakangana za khomo lomwelo Lachisanu lake lomaliza. Ndinati ndatopa kukwera minibasi chifukwa cha ntchito ya mphindi zisanu, ndiponso kuti sandikhulupirira. Anangoseka n'kunditcha bwana Christo. Ine osaseka. Lolemba anamuimbira kuti mlongoti wina wavuta, ananyamuka pa njinga yamoto, lole n'kumupeza pamsewu. Mawu anga omaliza kwa iye anali akuti ndi wouma mutu.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Ndinapita ku Nkando. Mayi ake a Lyson, a Estele, ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Aonda. Anandiyalira mkeka, n'kundifunsa za kwathu ku Ntcheu ngati kuti akukudziwa.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati kabokosi kali m'chipindamo kali ngati munthu uja wa pamsika wodziwa nyumba ya aliyense. Foni ikatchula dzina la kumene ikufuna kupita, iko kamaloza njira. Tsopano kwabwera anthu achipongwe amene amakafunsa funso lopanda mutu mpaka kukomoka, ndipo ndabwera ndi mankhwala ake. Anamvetsa msanga kuposa a komiti yathu.

Koma ayi. Achimwene awo, a Mateus a ku Milanje ku Mozambique, ndi amene anakhoma. Anati wakunja asalowemo ndipo kanthu kasatulukemo mpaka iwo adzabwere kudzagawa katundu, mvula ikatha. Kiyi ili pamfundo ya chitenje cha mayi, koma mawu ndi a malume. Ndinati kabokosiko si ka Lyson, ndi ka gulu. Anati akudziwa, koma zikanenedwe pamaso pa abale.

Ndikutuluka, amayi awiri pa mjigo sanadikire n'komwe kuti ndipite patali. “Ndi uja wa kuntchito uja. Wayamba kale kulondola katundu.”

Mu minibasi ndinayang'ana pawindo njira yonse kuti kondakitala asaone maso anga.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Mvula tsiku lonse, phiri silinaoneke. Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo, ndinatuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Zaka zitatu kuno, koma amene ndingamugogodere popanda chifukwa palibe. Ndazindikira kuti anthu onse amene ndimawadziwa ndinawadziwira kwa L. Iye ndiye ankalankhula, ine ndinkanyamula laputopu.

Ndagula mapeyala anayi mwachizolowezi. Awiri aola, ndikudziwa.

Lolemba, 19 Febuluwale

Zachitika. Magetsi anazima 7 koloko m'mawa, mabatire a Wamkulu anatha cha m'ma 10, netiweki yonse n'kutsamira pa Wamng'ono. Pasanathe ola, wina wake wosowa chochita, kaya ali dziko liti, anamuponyera funso lija. Zii. Mawaya ali bwinobwino, mlongoti uli bwinobwino, koma foni iliyonse ikufunsa njira popanda woyankha.

A Rosie, anamwino a pachipatala, anaimba kanayi. Zotsatira za magazi a ana zimabwera pa kompyuta, ndipo amayi anali pabenchi chiyambire m'mawa, ena atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Kachinayi sanakalipe n'komwe. Anangoti, “Achemwali, ndiwauze kuti chiyani? Abwerenso mawa ndi mvulayi?”

Ndinakhala muno ndi chigamba pa fulashi m'thumba la siketi, ngati munthu wogwira mankhwala kunja kwa nyumba ya wodwala. Magetsi anayaka 2 koloko, Wamkulu n'kudzuka. Amayi ena anali atapita kale.

Ndakwiya ndi malume, ndakwiya ndi wachipongweyo, koma kwambiri ndakwiya ndi Lyson, ndipo palibe kokamukalipira.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Ndapeza nambala ya a Mateus. Mawu awo ndi ofatsa, Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati pa maliro a mkulu wawo anthu analowa m'nyumba ndi nkhani zokoma ngati zomwezi, pofika tsiku logawa munatsala mphasa yokha. Sakufuna mlongo wawo aone zimenezo kawiri.

Anafunsa kuti kodi ine ndinali ndani kwa malemuyo. Ndinati mnzake wa kuntchito. Anati ehe, ndiye mudikire.

Mnzake wa kuntchito. Si bodza. China chilichonse sitinafike pochinena, ndiye ndilibe dzina lina loti ndiwapatse.

A Pilato nawo akana kuwonjezera masiku. Akuti seva imodzi yodwala imavutitsa makasitomala awo onse. Akaidula, magetsi akangozima pa Chonde, chipatala chizikhala mumdima ngati dzulo mpaka Epulo.

Lachitatu, 21 Febuluwale

Palibe chimene ndachita. Ndapukuta fumbi pa desiki yake, n'kubwezera katoni pampando.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinapita ku Nkando masana, osati kukapemphanso, koma kukawauza mayi kuti mawa kabokosiko kadulidwa, ndipo asadandaule, palibe amene akuwaimba mlandu. Ndinapeza nkhani ya Lolemba yawafika kale. Mdzukulu wa mnzawo wa kumpingo anali m'gulu la ana aja anabwerera opanda zotsatira.

Anayamba kupotokola mfundo ya chitenje. Kenako anafunsa ngati mankhwalawo angaperekedwe ndi munthu wina, ine ndili panja. Ndinati pangofunika kulemba mzere umodzi wotsegula khomo, zotsalazo ndichita pa laputopu pakhonde pompano. Anati iwo si wakunja, anamubereka okha mwanayo, ndipo satulutsamo kanthu. Chimene chinkawaletsa si achimwene awo ayi. Chiikireni maliro anali asanalowemo, ankaopa fungo la malaya ake.

Anatsegula. Ine ndinazungulira kuseri n'kuima pazenera, mapazi m'matope, madzi a padenga akundidonthera m'khosi. Ndinkaona msana wawo wokha ndi ngodya ya tebulo. Anaima kaye pakati pa chipinda, dzanja pakamwa. Sindinawafulumize.

Ndinawalozera batani loyatsira sikirini. Ndinali nditalemba mzere wanga papepala ndi zilembo zikuluzikulu kuti azikopera chimodzichimodzi. Sukulu yawo ndi ya ku Mozambique nkhondo isanawathamangitse, makalasi awiri okha, ndiye zilembo amazitchula Chipwitikizi. Ndinkaganiza kuti titha ola lathunthu.

Sikirini itayaka anati pali kale zolemba pansi penipeni, ndipo kamzere kakuphethira kumapeto kwake. Ndinati asakhudze chilichonse, andiwerengere kaye. Anayamba pang'onopang'ono, chala pagalasi, ine ndikulemba kuseri kwa pepala langa. Pofika pakati ndinasiya kulemba, chifukwa zimene ankatchulazo zinali zomwe zili kutsogolo kwa pepalalo. Lamulo lotsegula khomo, ndi nambala ya kompyuta yanga ya pa Chonde, ndi ya laputopu. Kumapeto anaikako kandemanga, monga ankachitira nthawi zonse.

“Se, aga, ere, i, ese, te, o,” anatero mayi. Anaima. “Limeneli si dzina lanu, mwanangu?”

Ndinati ndi langa. Anapitiriza okha, tsopano mawu athunthu, chifukwa anali a Chichewa: asamavutike ndi minibasi.

Ndiye kuti Lolemba lija m'mawa anakhala pampandopo n'kulemba zonsezi, foni ya mlongoti n'kulira asanadine batani lomaliza. Masabata asanu ndi limodzi mzerewo wakhala ukudikira, ine ndili pa Chonde kumutukwana mumtima.

Mayi anafunsa chochita. Ndinati adine batani lalikulu la kudzanja lamanja, kamodzi kokha. Anadina ndi chala chonse ngati akudinda chitupa.

Ndinakhala pakhonde, laputopu pamiyendo. Wamng'ono anandilandira. Chigamba chinalowa, ndinayambitsanso pulogalamu, ndinamufunsa maina asanu, onse anayankha. Ndinamuponyera funso loyesera limene a Pilato anatumiza, analikana n'kupitiriza ntchito. Ndawalembera a Pilato, ayankha kuti aona, sadula. A Rosie ndawauzanso.

Mayi anakhoma chitseko, kiyi n'kubwerera pamfundo. Anabwera kudzakhala pafupi nane pamkeka, maso ofiira, n'kuyang'ana laputopu ngati ikuwawerengera kalata. Anafunsa ngati tsopano ndizitha kukasamalira kabokosiko ndili ku Chonde komweko. Ndinati eya, ndi zimene Lyson anakonza.

“Ndiye kuti kuno simuzibweranso,” anatero, akuyang'ana kumsewu.

Ndawanamiza. Ndati makinawa, ngakhale khomo litseguke, amafunabe munthu aziwaona pazenera Loweruka lililonse. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti Loweruka ndisadzadye kwathu.