Ndinaiwala Kugawa ndi 8

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Kamloops, kwa achemwali anga a Noreen. Chipinda chosokera. Zovala zonse fungo la utsi.

Anatilamula kusamuka ku Halvor Lake 9 koloko m'mawa. Moto wolusa kuseri kwa phiri. Apolisi anatipatsa mphindi 20. Magetsi atathima kale, wailesi ya tauni yathu ikuyendera jenereta, dizilo wa maola 12.

Mayi Ardith, amene ayendetsa wailesiyi zaka 40, anabwera ndi sipanala kuti timasule kompyuta yosungira mawu, tiinyamule. Ndinawakaniza. "Isiyeni mayi, zonse zisamuka pa intaneti. Maola anayi sakwana." Ndinawerengera pachikhatho ndi bolopeni: magigabaiti 270, liwiro 20. Ndinadina, n'kuthamangira kugalimoto.

Tafika 2 koloko masana. Ndatsegula laputopu. Zafika ndi 17 peresenti.

Intaneti yathu imatumiza mamegabiti 20 pa sekondi. Mafayilo timayeza m'mabaiti. Baiti imodzi ndi mabiti 8. Ndiye si 20 ayi, ndi mamegabaiti 2.5. Si maola anayi, ndi 30. Zaka 22 ndikukonza makompyuta, ndikufotokozera makasitomala okwiya nkhani yomweyi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Sindinalire. Ndinatenga pepala. Maola 7 otsala, magigabaiti 63. Zafika kalezo ndi nyimbo zopezeka paliponse, makina anangoyambira pamwamba pa mndandanda.

Zofunika ndi ziwiri. Foda ya Mayi Ardith: akuluakulu a tauni 140 akusimba moyo wawo, ambiri anatsogola kale. Magigabaiti 70. Foda ya Duane, mwamuna wanga: pulogalamu yake ya m'mawa, zaka 11. Magigabaiti 58. Novembala uno akwanitsa zaka ziwiri ali m'manda.

Ndakokera Duane pamwamba. Sindinaganize kawiri.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Jenereta inathima dzulo usiku 8:52. Duane anamaliza kufika 8:40, yense. Mphindi 12 zotsalazo analowa akuluakulu atatu ndi theka, motsatira alifabeti: Abbott, Archambault, Baptiste. Wachinayi, gogo Bergen, amadukira pakati pa nkhani ya ukwati wawo.

A Noreen anaphika mazira. Ndinadya. Akuti ndikuoneka ngati mtembo woiwalidwa kumochale. Ndiwo mawu awo achikondi amenewo.

Mswachi ndinausiya. Ndagula wina.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Nyumba ya wailesi inapsa, kompyuta ili momwemo. Msewu wonse wa kufakitale ya matabwa unapsa. Nyumba yanga ili chilili, akuti ngakhale maluwa sanafote. Ndikuyesa kukondwa, sizikubwera.

Kuholo komwe akugona anthu a kwathu, Mayi Ardith anandigwira dzanja pamaso pa gulu. Akuuza aliyense kuti Marlys wathu wapulumutsa mawu a tauni. Wina anandipatsa khofi. Ndinati sizinafike zonse. Iwo akuti palibe kanthu, bola zina.

Pobwerera ndinaima pamaloboti, masamu n'kubwera okha. Pulogalamu imodzi ya Duane ndi mamegabaiti 20 basi. Sabata yathunthu, 100. Masekondi 40. Masekondi 40 akanandikwanira ine, maola onse otsalawo n'kupita kwa eni ake. Ndikanapulumutsa anthu oposa 120. Galimoto yam'mbuyo inachita kundiimbira huta.

Kulakwitsa koyamba kunali kwa mutu. Kwachiwiriku sindikudziwa dzina lake.

Loweruka, 19 Ogasiti

Palibe. Utsi. Ndachapa.

Foda ya Duane ndaitsegula kawiri. Mafayilo 2,860, lililonse ndi tsiku lake. Sindinadinepo ngakhale limodzi. A Noreen akuti ndiwaikireko amve mlamu wawo akunama za nyengo. Ndati mawa.

Lamlungu, 20 Ogasiti

Wendell Tkachuk, woyendetsa lole ya mitengo kwathu. Nyumba yake phulusa lokhalokha, zithunzi zonse, ngakhale chipewa cha mayi ake. Anandipeza pamzere wa chakudya kuholo, atavula kapu.

"Achemwali, ndamva muli ndi mawu a amayi. Mayi Ardith anawajambula 2009, ankaimbanso kanyimbo ka Chiyukireni. Musathamange ayi. Ndingomva kamodzi basi."

T ali kutali kwambiri ndi B.

Ndinati ndiyang'ana. Anathokoza kawiri. Munthu wamkulu ngati chitseko, akundithokoza ine.

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Ndawauza Mayi Ardith m'mawa uno, m'galimoto, injini itazima. Zonse: za 8, za maola 30, za 58 ndi 70. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga nyengo.

Anayang'ana manja awo. Za 8 anati aliyense amalakwitsa, ndipo sipanala anaibweza m'chikwama ndi iwo eni. Zinazo sanandikhululukire, sanandikalipirenso. Zaka 40 akuyenda khomo ndi khomo ndi kawailesi kojambulira, kupirira agalu ndi khofi wozizira.

Anafunsa, "Wamumvetserako Duane wakoyo?"

Ndinati ayi.

"Ndiye unasungira ndani?"

Manyazi ndi amene ayamba kubwerera, zina zonse zidakali zii.

Potsika anati za gulu aziona okha, adzalengeza Lachisanu kuholo. Koma Wendell ndikamuuze ndekha, lero, pamaso.

4 koloko masana. Ndili panja pa motelo yomwe amuika. Chipinda 14. Ndakhala m'galimoto muno mphindi 25 ndikulemba izi kuti ndisatsike. Ndakonza mawu oyambira katatu, onse akuyamba ndi masamu, ndipo masamu sakumukhudza.

Wandiona. Watuluka, akukweza dzanja, akumwetulira. M'dzanja linalo wanyamula mahedifoni atsopano, adakali m'pepala lake la kusitolo.