Kapitawo Wadyera M'kompyuta Mwanga

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tonse tili bwino, kungoti bondo la abambo lija likumawavutabe kukazizira. Ndine Tiyamike wanu, ndikulemba ndili m'kashopu kanga pa boma pano, mwana ali kumsana. Inde Amayi, mwamva bwino, mwana. Munatisiya ndili ndi pakati pa miyezi itatu ndisanakuuzeni, ngakhale ndikukayika ngati simunadziwe, poti inu munkaona mimba mwini wake asanaizindikire. Ndi wamkazi, ndipo abambo anamutcha Esinala, dzina lanu. Tsopano akuyenda chogwirira mipando. Mphumi ndi wanu weniweni, ndipo akakwiya amatukula chibwano monga munkachitira inu munthu akalowerera mzere pa mjigo.

Kwathu kwa Mlonyeni mtedza wachita bwino chaka chino. Kumunda kwanu kuja tinakumba mpaka manja kutuluka matuza, ndipo kankhokwe kaja kanadzaza, wina tinaika m'matumba pabalaza. Chimanga ndiye sichinafike pomwe tinkayembekezera chifukwa mvula inadula chikumasula ngayaye, koma njala sitigona nayo. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, ndipo khalidwe lake silinasinthe, inadyanso sopo wa azakhali. Mjigo ukugwirabe ntchito, koma chichokereni inu pamakhala phokoso m'mawa uliwonse. Aliyense amati anayamba kufika ndi iyeyo.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera lero ndi ina. Ndikufuna ndikuuzeni mmene munabwerera kwathu sabata yatha kudzera mu waya wa telefoni, ndi mmene ine mwana wanu ndinatsala pang'ono kukutsekerani kunja.

Mukukumbukira kompyuta yakale ija ndinagula nditasiya ntchito yotayipa ku ofesi, imene munkati ndi kanema wa anthu osafuna kuseka? Masiku ano ndinailumikiza ku intaneti. Munthu ali kutali amaika kalata, chithunzi kapena nyimbo pamalo ena ake, ine kuno n'kuzitsitsa kudzera mu waya wa telefoni. Waya wathu ndi wofooka, zinthu zimabwera modontheza, ndipo ukaduka umayambiranso poyamba. Ndiye ndinaikamo pulogalamu ina yoyang'anira zotsitsazo, imene imasunga pomwe wafika kuti waya ukaduka upitirizire pomwepo. Ndinaitcha Kapitawo, poti imaima pakati n'kumalamula ngati akapitawo a m'maesiteti a fodya.

Lolemba la sabata yatha achimwene a Yohane anandiimbira foni kuchokera ku Joni. Anati anapeza kaseti ya ukwati wanga, ija anajambula ndi wailesi yawo yonyamula paphewa, ndipo mukumveka inuyo mukuimba ndi amayi a Mvano. Anapita nayo pa shopu ina ya makompyuta, eni ake n'kusamutsira mawuwo pa intaneti. Pobweza kaseti, wailesi inatafuna tepi yonse n'kuidula zidutswazidutswa. Pa shopupo chojambulira zimbale chinali chakufa, ndipo madzulo aliwonse amafufuta za makasitomala. Achimwenewo m'mawa mwake ankapita kukagwira ntchito ku famu yakutali kwa mwezi wathunthu.

"Mlongo wanga," anatero, "mawu a amayi atsala pamalo amodzi okha, ndipo pamalopo amasunga masiku seveni basi. Ukachedwa ndiye kuti tawaika m'manda kachiwiri."

Ndinalira, Amayi, pamaso pa kasitomala. Zithunzi zanu tili nazo zitatu, koma mawu anu tinalibe paliponse, ndipo ine ndinali nditayamba kuiwala mmene munkatchulira dzina langa. Esinala ndiye sanakumvenipo n'komwe.

Tsopano imvani kupusa kwa mwana wanu. Sabata yomweyo anthu akuluakulu anali atabweretsa kale zawo. Abusa athu ankafuna mapepala a nyimbo za kwaya, a hedi a ku sekondale ankafuna mayeso akale, apampando a kalabu ya fodya ankafuna mafomu, anesi awiri ankadikira zithunzi za abale awo akunja, ndi ena otero. Zonse zinali khumi ndi chimodzi, mawu anu kukhala chakhumi ndi chiwiri. Kapitawo ali ndi malo pomwe amafunsa kuti atsitse zingati nthawi imodzi. Nanga ine ndikanaika bwanji abusa kumbuyo kwa a hedi, kapena a hedi kumbuyo kwa apampando, pomwe onsewo amabwera kudzasuzumira pa sikirini n'kumawerenga mayina? Ndinamuuza kuti zonse pakamodzi, pasakhale wotsalira. Palinso pena pomwe amafunsa kuti chinthu chilichonse achigawe zigawo zingati kuti chifulumire. Apo ndinakankha mpaka kumapeto, zigawo sikisitini, ndikumadziyamikira mumtima kuti ulemu ndiye umenewu.

Si izo kompyuta inayamba kudwala. Kafani kamkati kankalira ngati chigayo, bokosi linatentha moti Esinala ataligwira anabweza dzanja n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Kamuvi ka pa sikirini kankakakamira pamalo amodzi. Ndikamatayipa, zilembo zinkatuluka ine nditamaliza kale chiganizo. Mayi wina anabwera kudzatayipitsa kalata yofunsira ntchito ya tsamba limodzi, anadikira mpaka anagona pa benchi. Ikauma chonchi ndinkangozimitsa pakhoma. Ndikayatsanso, Kapitawo ndiye ankayamba kudzuka zina zonse zisanadzuke, n'kuyamba kuunika zigawo zake chimodzichimodzi, zina n'kuzipeza zitawonongeka n'kuziyambanso. Pofika Lachinayi kamzere kosonyeza mawu anu kanali kasanafike ndi pakota pomwe.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinasunthira bokosi pawindo, ndinalikupiza ndi lichero, ndinalipukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku. Abambo anabwera pa njinga kudzandisiyira ufa, anaimvetsera kanthawi manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Imeneyi yatopa. Uimasule goli ipume, ng'ombe imatero." Za mawu anu sindinawauze. Ndinkaopa kuwalonjeza chinthu chimene mwina sichifika.

Lachisanu m'mawa kunatulukira Mayi Tembo a ku Chipata, aja ankakugulitsani zitenje inu n'kumati amayankhula ngati akuthamangitsidwa. Masiku ano alinso ndi shopu ya makompyuta kwawoko. Atangolowa anatseka makutu.

"Imwe amake Esinala, iyi mashini ilira chani so? Muiphika?"

Ndinawafotokozera zonse misozi ili m'maso. Anatula katundu wawo, anakhala pampando, anadina mabatani atatu pakamodzi, ndipo patapita nthawi panatseguka kawindo kamene ine sindinakaonepo. Kamasonyeza kuti pulogalamu iliyonse ikudya zochuluka bwanji. Anandiuza kuti m'bokosimo muli purosesa, amene ndiye wogwira ntchito, ndi memore, imene ili ngati tebulo loyalapo ntchitoyo. Kamzere ka purosesa kanali katagunda kudenga osatsikanso. Memore inali itadzaziratu moti kompyuta inkangokhalira kutula zina pansi n'kuzitolanso, n'chifukwa chake kagetsi kofiira kankaphethira osapuma. Ndipo pamwamba pa mndandanda wa adyerawo panali dzina limodzi lokha.

"Uyu Kapitawo wanu adya vonse," anatero. "Vinthu twelofu, chilichonse mwachidula sikisitini. Nanga waya ni ungati? Umodzi chabe! Ndipo ivi vakale musungira chani?"

Ankanena mndandanda wa zonse zimene ndinatsitsirapo anthu chiyambireni, umene Kapitawo ankausenza m'mawa uliwonse. Ndinayankha kuti ndi mayina a anthu, ndingawafufute bwanji eni ake ali moyo? Anaseka, Amayi, mpaka kupukuta misozi ndi chitenje chogulitsa. Kenaka anandilangiza kuti kufufuta mndandanda sikufufuta zinthuzo, ndipo palibe amene amwalire nazo.

Koma ine mutu wanga unali utaima pa mawu aja akuti waya ndi umodzi. Ndinakuonani mutaima pa mjigo, chitenje mutamanga m'chiuno, mukuti, "Mpopi ndi umodzi. Ndowa imodziimodzi, nonse mutunga." Ndinakumbuka tsiku lija mayi busa anabwera mothamanga n'kuika ndowa yawo patsogolo. Munawagwadira, munawapatsa moni bwinobwino, kenaka munanyamula ndowayo n'kukaiika kumbuyo kwenikweni. Nthawi yawo itakwana munawasenzetsa nokha. Ine ndinatengera kugwada kokha, za kunyamula ndowa ndinazisiya.

Tinamuuza Kapitawo kuti chinthu chimodzi nthawi imodzi, zigawo ziwiri basi. Tinafufuta mndandanda wakale, tinamuletsanso kudzuka yekha asanaitanidwe. Pompo kafani kanatsika mawu, kamzere ka purosesa kanagwa pansi, ndipo kamuvi kanayamba kuyenda ngati kale. Ndinavina pakati pa shopu mwana ali kumsana.

Chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa panatsala funso loti ayambe ndani. Mwa lamulo lanu lomwe, woyamba kufika ndiye woyamba kutunga, ndipo inu munafika pomalizira. Mayi Tembo anati ndingokukwezani pamwamba, palibe angadziwe. Koma ndinadziwa kuti inuyo mudziwa. Ndiye ndinakumbuka kuti pa mjigo munkalola ndowa imodzi yokha kudumpha mzere, ya kunyumba ya maliro, ndipo mwini wake ankayenera kupempha mzere wonse ndi pakamwa pake. Ndinatseka shopu, ndinamangitsa mwana kumsana, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo dzuwa lili pamutu.

Ndinayambira kwa abusa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka chogwira pamimba.

"A Nabanda? Omwe aja anaika ndowa ya mayi busa kumbuyo? Adutse, mwana wanga, adutse. Nyimbo zanga zidikira. Sindikufuna ndikawapeze pakhomo la kumwamba atanyamula ndowa yanga."

A hedi anati avomera pokhapokha ndiwaitane adzamve nawo. Apampando anati mafomu alibe miyendo, sathawa. Mmodzi mwa anesi aja anandikumbutsa kuti akakhala pa ntchito kuchipatala munkamubweretsera chiponde, ndipo tinalira tonse pakhonde. Palibe ndi mmodzi yemwe anakana, Amayi. Ine ndinavutika masiku anayi kuopa anthu amene ankangofunika kuwapempha.

Kuyambira Lachisanu masana Kapitawo anasenza inu nokha. Kamzere kankayenda pang'onopang'ono koma osabwerera m'mbuyo. Loweruka waya unaduka kawiri, koma Kapitawo anapitirizira pomwepo monga ntchito yake. Apo ndi pomwe ndinatumiza uthenga kwa abambo kuti abwere mawa lake, pali mlendo. Lamulungu, tsiku lomaliza, ndinapita ku tchalitchi thupi lokha, ndipo musandifunse kuti ulaliki unali wotani. Titaweruka, anthu onse aja ananditsatira ku shopu, ena n'kuima pawindo. Abambo anafika atavala jekete lija la pa ukwati, akufunsa kuti mlendoyo ali kuti. Dzuwa litapendeka, Kapitawo analiza kabelu kake kamodzi, ndipo kamzere kanadzaza.

Poyamba kunamveka kusokosera, tambala kulira, ndi achimwene akuuzira mpweya pa wailesi. Kenaka amayi a Mvano anayamba nyimbo, ndipo pamwamba pa onse munali inu, mukutsogola pang'ono monga mwa masiku onse, ena akukuthamangirani m'mbuyo. Abambo anakhala pansi mwadzidzidzi. Ine ndinangogwira pakamwa, misozi ikugwera pamutu pa mwana.

Nyimbo itatha kunamveka mbale kugundana, anthu akukankhana pa chakudya. Ndiye mawu anu anabwera pafupi penipeni, ngati mwaima pakhomo la shopu.

"Inu anthu, chipande ndi chimodzi! Mbale imodziimodzi, nonse mudya. Tiyamike, khala pansi iwe, mkwatibwi sagawa ndiwo. A Phiri, inunso kumbuyo, kukwatitsa mwana si chifukwa!"

Abambo anaimirira, anavula chipewa, n'kuyankha sipika ija mwaulemu wonse kuti, "Ndamva, Nabanda, ndabwerera." Ndipo anabwereradi m'mbuyo phazi limodzi mpaka kuponda abusa. Shopu yonse inaphulika ndi kuseka, tikuseka uku tikulira, Mayi Tembo akululuta ngati ukwati wayambiranso. Esinala anatsetsereka pamiyendo panga, anagwirira tebulo, n'kukasuzumira kuseri kwa sipika kufuna munthu amene watchula amayi ake. Atakusowani anatukula chibwano chija. Tinabwereza katatu, ndipo abambo ulendo uliwonse ankavula chipewa.

Zinthu za anthu ena zonse zinatsika pofika Lachitatu, chimodzichimodzi, aliyense pamalo pake, ndipo palibe anadandaula. Kapitawo masiku ano ndi wofatsa, amadya zomwe wapatsidwa. Mawu anu tinawajambula pa zimbale zitatu, china chili kwa ine, china kwa abambo, china chikudikira achimwene. Abambo akuti chawocho sachibwereketsa munthu, angakhale abusa.

Ndakusowani, Amayi, koma sabata ino kukusowaniko kwapepuka, poti ndikafuna kukalipiridwa ndimangodina batani. Ndikukulonjezani kuti Esinala adzakula akumva mawu anu, ndipo ndidzamuphunzitsa zonse ziwiri, kugwada ndi kunyamula ndowa. Loweruka likubwerali ndikupita kwa Mlonyeni ndi wailesi ya mabatire. Ndikaiika pa mjigo m'mamawa phokoso likangoyamba, ndikweze mpaka kumapeto. Konzekani, ntchito yanu ikukudikirani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike, amake Esinala