Chotupa cha Kuseri kwa Khutu

Lolemba, 4 Malichi
Wa ku saluni ndiye wachipeza akundiluka. M'tsitsi, kuseri kwa khutu lamanzere. Cholimba, chosapweteka, kukula ngati nyemba. "Chemwali, ichi mumachidziwa?" Ndanama kuti inde. Cha amayi chinayambanso chonchi, pabere. Chaka sichinathe tinawaika m'manda.

Lachinayi, 7 Malichi
Chibwenzi changa, makaniko uja, sindinamuuze. Mkazi wake woyamba anamudwazika zaka zambiri, kumusambitsa, kumumwetsa mankhwala, mpaka kumutseka maso. Munthuyu wangoyamba kumene kuseka, kuseka kwake kopanda ulemu kuja. Ndimubwezerenso pa benchi ya chipatala? Ayi ndithu.

Loweruka, 16 Malichi
Ndamukana. Pakhomo pa galaja, manja ake ali mafuta okhaokha. Ndati mtima wanga wasintha. Sanalimbane nane. Anangopukuta manja pa ovololo nati, "Ngati ndinakulakwirani, mundikhululukire." Bola akananditukwana. Ndalira m'basi mpaka mayi wina anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Lachitatu, 10 Epulo
Achichotsa. Jakisoni, kudula, kusoka. Andimeta kadazi pamalopo. Zotsatira ndidikire. Anzanga a pa benchi aliyense ndi womuperekeza, ine ndi chikwama changa.

Lachisanu, 3 Meyi
Si khansa. Dokotala akuti tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kake pakhungu. Nthawi zina khungu la m'kadzenjemo limapanga kathumba, nkumadzaza pang'onopang'ono. Basi. Sichifalikira, sichipha. "Ena amakalamba nacho, mayi," anatero akumwetulira, kudikira kuti nanenso ndisangalale. Ndinathokoza. Ndinkayembekeza kuti ndivina. M'malo mwake manyazi ndi chisoni. Ndinadzilirira maliro ndili moyo, mwamuna ndinataya chifukwa cha muzu wa tsitsi.

Lolemba, 6 Meyi
Ku galaja kulibe. Mnzake akuti anachoka mwezi watha, anapeza ntchito kutali. Zida zake zonse anatenga. Akuti kuno kunalibenso chomukhalitsa.

Lachiwiri, 7 Meyi
Ndamuimbira pa nthawi ya nkhomaliro. Ndafotokoza zonse: chotupa, amayi, bodza langa. Ndati ndinkamuteteza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati wakondwa kuti ndili bwino, ndipo ndinamva kuti akunena zoona.

Ndinafunsa ngati angabwerere.

"Kudwazika ndinali nditakudziwa kale, sikukanandithawitsa. Koma munandisankhira nokha osandifunsa."

Anatsanzika mwaulemu, ngati ndine kasitomala.