Penti Wofiira ndi Nkhwangwa ya a Jailosi

KOMITI YOSAMALA NKHALANGO YA MUDZI WA MUKHWEYA, MULANJE

Tsiku: Loweruka, 12 Okutobala 2024
Malo: Kusukulu ya mkombaphala, popeza kutchalitchi kunali kwaya
Opezeka: A Kingstone Namacha (Wapampando), Stella Mwahiwa (Mlembi), Mayi Esteri, a Pilato, a Jailosi, ndi Mayi Rosie, alangizi a zankhalango
Osapezeka: A Vincent. Anapita ku Milange ndi kabaza wawo, anapepesa kudzera mwa akazi awo monga mwa masiku onse.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero nthawi ya 2 koloko masana. A Pilato anayang'ana timipando ta ana tija, nasankha kukhala pansi.

2. Mapu a dothi la m'nkhalango

Mayi Rosie anayala mapu. Anakumbutsa komiti kuti paliponse tinkaona kutsetsereka kwa malo ndi ming'alu, kenako tinkakumba n'kuponya chibuma cha dothi m'beseni la madzi. Potsetsereka kwambiri pamene chibuma chinasungunuka msanga palembedwa mofiira: pangagumuke, pasadulidwe mtengo. Pachikasu mpofuna kusamala. Pobiriwira dothi n'lolimba.

A Pilato anadandaula kuti munda wawo wa nanazi, womwe uli m'mphepete mwa nkhalango, waikidwa pachikasu, chonsecho makolo awo akhala akulima pomwepo chibwerere ku Mozambique. Wapampando anawakumbutsa kuti chibuma cha m'mundamo chinasungunuka ngati shuga mu tiyi, beseni atagwira eniake. A Pilato anati madziwo anali ofunda. Komiti inaseka, mapu anavomerezedwa.

3. Mitengo yodulidwa pamalo ofiira

Wapampando anati komiti itapaka penti wofiira pamitengo ya pamalo oopsa kuti anthu aziyipewa, Lachiwiri anapeza ina itagwetsedwa, kumtunda kwenikweni kwa nyumba ya Mayi Esteri. Asanafunse n'komwe kuti wachita ndani, a Jailosi anakweza dzanja monyadira. Anati ndi iwo, ndipo akanamaliza yonse likanapanda kuwawa bondo.

A Jailosi, amene anakalambira kuesiteti ya tiyi akudula bulugamu wa kufakitale, anati tsiku lofotokoza tanthauzo la pentiyo iwo anali kumaliro ku Nkando. Anati: "Kuesiteti mtengo ukapakidwa wofiira ndiye kuti kapitawo wati ugwe, inu! Ine ndimati ndikuthandiza komiti. Ndimadabwa kuti anzanga ulesi bwanji."

A Pilato, amenenso anagwirapo kuesiteti, anasiya kuseka. Anati nawonso akanapanda kumva okha, akanadula.

Wapampando anati lamulo la komiti ndi lakuti wodula pamalo oletsedwa alandidwe nkhwangwa ndipo achotsedwe m'komiti.

Mayi Esteri anapempha kulankhula. Anati chipitire namondwe wa Freddy, chikwama chawo cha zovala chimakhala chomanga kuseri kwa chitseko, kukonzekera kuthawa. Anati: "Mitengo imene ija ndiyo imagwira phiri kuti lisandilowere m'nyumba. Mvula ili pafupi, ndipo mantha ndili nawo, sindibisa. Koma mukawalanda nkhwangwa abambowa, phiri liima? Amuna ambiri m'mudzi muno adyera kuesiteti. Mawa adula wina, nayenso akuti akuthandiza."

A Jailosi anavula chipewa. Mlembi nayenso chinamuwawa.

Mayi Rosie anati zitsa zikapanda kutenthedwa kapena kuzulidwa, mizu igwirabe dothi ndipo ziphukira, koma pakufunika vetiva, udzu wogwira dothi, msanga. Mayi Esteri anati pasakhalenso chizindikiro chofuna womasulira. Anati mtengo wa njuchi sanauonepo munthu akuuyandikira ndi nkhwangwa, kaya ndi wa kuesiteti kaya ndi wa ku boma.

Komiti inagwirizana izi:
(a) Mtundu wofiira utsale pamapu pokha. Pamitengo penti aphimbidwe ndi matope mawa lomwe tikaweruka kutchalitchi.
(b) A Jailosi asachotsedwe ndipo nkhwangwa asalandidwe. Aseme nayo ming'oma ya njuchi kuchokera ku mitengo yomwe anagwetsayo, ipachikidwe pamalo ofiira.
(c) Vetiva adzalidwe kumtunda kwa nyumba ya Mayi Esteri mvula yoyamba ikangogwa.

4. Zina ndi zina

A Pilato anafunsa ngati pachikasu sipangapachikidweko mng'oma umodzi. Wapampando anati nkhani ya uchi idikire njuchi.

A Jailosi anati uchi woyamba udzapite kwa Mayi Esteri. Mayi Esteri anathokoza, koma anati chikwama sachimasula kufikira dzinja litadutsa. Pamenepo a Jailosi anaimirira, bondo lomwelo, nati mvula ikadzakula sadzadikira kuitanidwa: adzafika okha pakhomo pa Mayi Esteri, ndipo chikwamacho adzasenza ndi iwo. Anapempha kuti mawu amenewa alembedwe.

Alembedwa.

5. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala Loweruka, 9 Novembala, m'nkhalango momwemo pansi pa ming'oma. Mayi Esteri anatseka ndi pemphero nthawi ya 4 koloko madzulo.

Kingstone Namacha, Wapampando ....................
Stella Mwahiwa, Mlembi ....................